Wozimitsa Moto kwa Mayi Pyo

Moto unazimanso kwa mayi Pyo, ndipo ulendo uno anaitana mmisiri.

Bambo Maeng anafika m'mawa, chisanu chikuluma makutu, n'kupeza Sun-rye atagwada m'khitchini patsogolo pa ng'anjo yozizira. Sun-rye anali mtengwa wa pakhomopo. Mwamuna wake anali kutali pa sitima ya asodzi, ndiye malasha, mwana ndi lilime la apongozi, zonse zinali pamutu pake.

"Muyang'ane bwinobwino, a Maeng," anatero mayi Pyo ataima pachitseko. "Zikapezeka kuti ng'anjo ili bwino, uyu akwera basi ya masana kubwerera kwawo. Mdzukulu wanga atsala. Mkazi wopha moto amapha nyumba. Ndatopa nako kukapempha khala kwa aneba ngati wamasiye."

"Basi sindikwera ine, amayi," anatero Sun-rye osatembenuka.

"Mwamumva? Pakamwa pokha ndiye pamayaka."

Malasha oumba aja, a mabowomabowo, si ocheza nawo, anthuni. Ukawasanja mabowo osalunjikana, amazima. Ukatseka kwambiri kabowo ka mphepo, amazima. Akayaka bwino amafunditsa pansi pa chipinda mpaka msana kukoma, koma mpweya wake ulibe fungo ndipo suodira polowa. Alipo mabanja paphiri pano amene anagona akuseka, m'mawa n'kutulutsidwa pa machira. Musamagone osasiyako kampata pazenera.

Bambo Maeng anayamba ndi mulu wa malasha. Ouma bwinobwino. Anasuzumira m'ng'anjo, mabowo olunjikana ngati anachita kuyeza. Anayatsa nyuzipepala pakamwa pa ngalande ya utsi, ija imadutsa pansi pa chipinda chogona kukatulukira ku chumuni, ndipo lawi linakokedwera m'kati msangamsanga.

"Ikukoka," anatero motsitsa mawu.

"Kamange katundu," anatero mayi Pyo kwa Sun-rye.

Koma mmisiri anali atapisa dzanja m'phulusa la pansi. Linatuluka lili matope.

"Mayi, moto uwu sukufa wokha. Alipo akuuthira madzi."

Paphiri ponse ankadziwa kuti mayi Pyo sanamufune Sun-rye chiyambire. Iwo ankafunira mwana wawo mtsikana wa wogulitsa mpunga, wamanja osalala, osati mwana wa wokumba mgodi uyu woyankha akuluakulu maso ali gwa. Nanga woyendayenda m'khitchinimo ndi ketulo, ena onse atalowa m'mabulangete, anali ndani? Mayi Pyo omwewo. Bambo Maeng anayang'ana ketulo, nayang'ana gogoyo, n'kutsokomola.

"Mukundiyang'ana chiyani ngati ndakudyerani mbale yanu?" anakalipa mayi Pyo. "Tolani zitsulo zanu, ntchito yatha."

"Sinathe," anatero Sun-rye, akuimirira. "Mwaona kukamwa, mwaona kumchira. M'mimba mwa ngalandeyo, pansi pa chipinda, simunaonemo. Fukizani udzu, bambo."

"Iwe! Miyala ya pansi apo anayala ndi malemu apongozi ako ndi manja awo. Palibe woikhudza ine ndili moyo."

"Saikhudza. Ndi utsi chabe. Kapena pali chimene mukuopa, amayi?"

Mayi Pyo anatembenukira kwa mmisiri. "Ine kuopa? Fukizani! Basi ya masana ija siimusiya ameneyu."

Bambo Maeng anamumvera chisoni mtsikanayo. Anaona kuti akungotalikitsa nthawi, ngati munthu wokokoloka wogwira udzu wa m'mphepete. Komabe anakwera padenga, navindikira chumuni ndi chiguduli chonyowa. Atatsika anaunjika mapesi a mpunga achinyezi m'ng'anjo n'kuyatsa. Utsi woyera unalowa m'ngalande, wosowa kotulukira.

Onse atatu analowa kuchipinda. Kumbali ya kufupi ndi ng'anjo, kumene kumafunda kwambiri, ndi malo a wamkulu wa nyumba, ndipo mayi Pyo ankagona pamenepo atakumbatira mdzukulu wawo Du-sik. Sun-rye ananyamula mwanayo, yemwe ankasewera ndi supuni, n'kukankhira zogonera pambali ndi phazi.

Poyamba panalibe kanthu. Pepala lamafuta lomata pansi linkanyezimira, losalala, lopukutidwa tsiku ndi tsiku.

"Waona?" anatero mayi Pyo. "Mwamuna wanga sankamanga za..."

M'mphepete mwa khoma munatuluka kautsi kowonda ngati ulusi. Kenaka kena. Kenaka mzere wonse unayamba kufuka, kuyambira pakona mpaka pamene pamakhala pilo wa mwana.

Mng'alu wotero suoneka ndi maso, anthuni. Umabisala pansi pa pepala n'kumadikira tsiku limene moto wayaka bwino, zitseko zatsekedwa.

Bambo Maeng anatsegula zenera, navula chipewa, n'kuweramira mayi Pyo.

"Mundikhululukire, mayi, ndinakuganizirani zoipa. Moto uja ukanati uziyaka mpaka kucha, bwenzi pano tikunena zina. Madzi anu aja apulumutsa mdzukulu."

"Madzi anga ati?" anatero mayi Pyo, maso ali pa utsi. "Ine m'ketulo ndimamwa, sindithira pamoto."

"Ndimathira ndine," anatero Sun-rye, akubereka mwana kumbuyo. "Ndinakuuzani kuti Du-sik akudzuka akusanza, tiitane mmisiri, inu munati ndi njoka zam'mimba. Mukapanda kugumula pansipa lero, madzulo ano ndithiranso."

Mayi Pyo anachotsa maso pa utsiwo.

"A Maeng, nyundo mwabwera nayo? Nawe make Du-sik, waimiranji? Tulutsa mabulangetewa."