Idder Watopa Pang'ono

"Msewu wa ku Tan-Tan ndaudutsa kambirimbiri. Nditati nditsinzine, galimoto ikafika yokha," dalaivala Larbi adauza wothira mafuta pa Akka.

A Bihi adamva ali pampando wakumbuyo. Larbi yemweyu chaka chatha adasochera ndi mkwatibwi m'galimoto, mudzi wake ukuoneka poteropo. Kuyambira dzulo lake mawu ankangowadutsa.

Uthenga udabwera ndi Larbi yemweyo, maso ali pansi: "Dda Bihi, aimba lamya kuchokera kudoko la Tan-Tan. Akuti mwana wanu Idder watopa pang'ono. Mupite."

Kwathu imfa sitiitchula pakhomo pa munthu. Wodwala timati ali bwino. Wogonekedwa m'chipatala timati wayamba kudya. Tikati watopa pang'ono, wanzeru amapita kukagula nsanda. A Bihi adagula, n'kuiika pamiyendo, ndipo ulendo wonse siidachokepo.

Zaka zisanu ndi chimodzi zinali zitapita chichokere Idder. Adasiya minda ya kanjedza mkati mwa zokolola n'kupita kukagwira nsomba. A Bihi, omwe mawu awo ankawalemekeza kuposa mmene ena onse ankawalemekezera, adamutemberera Lachisanu pakhomo pa mzikiti, mudzi wonse ukumva: "Udzandiona tsiku la maliro ako." Aliyense amadziwa kuti mwana woikidwa ndi temberero la bambo ake manda amamuthina. Ndiye a Bihi adayenera kufika asadamuike, amukhululukire pamaso pa anthu. Maliro amaikidwa ikangotha swala, pemphero lamadzulo.

Adakwera ndi mchemwali wawo Ijja komanso Si Mbarek, shehe wam'mudzi. Sheheyo adagona asadatuluke n'komwe m'tauni. Ijja adakumbatira botolo la uchi, maso ali gwa. A Bihi adaganiza kuti misozi akusungira kofika. Azimayi amadziwa kusunga zinthu.

Kunja kunali miyala. Itatha miyala kudabwera miyala ina, yakuda. Apo ndi apo mtengo waminga, pansi pake ngamira ikutafuna mosafulumira. A Bihi adayesa kukumbukira nkhope ya mwana wawo, koma chomwe chidabwera ndi makutu okha. Adadikira kuti chinachake chiwapweteke pamtima. Sichidabwere.

Atadutsa Foum el Hisn, Larbi adasiya msewu wa tala.

"Njira yachidule iyi. Amaidziwa ndi ine ndi ankhandwe basi."

"Ankhandwewo amafika?" adafunsa Ijja.

"Lalla Ijja, inu sungani uchi, ine ndisunge chiwongolero."

Njirayo idakathera mumtsinje wouma, pomwe mbuzi zitatu zidawayang'ana modabwa. Kubwerera kudatenga maola awiri. Larbi adadzudzula mvula ya chaka chatha, boma, ndi mbuzi. A Bihi adangoyang'ana dzuwa likupendeka. Pa Guelmim ena adatsika kukamwa tiyi ndi buledi wothira mafuta. A Bihi adatsala m'galimoto, ndipo tambula ya tiyi yomwe adawabweretsera idazizira m'manja.

Fungo la nsomba lidawalonjera nyanja isadaoneke. Pafupi ndi chipata cha doko adatsekerezedwa ndi malole ozizira, ndandanda wosaoneka kothera, madzi akudontha pansi. Ndi pomwe mawu oitanira ku swala yamadzulo adamveka.

"Tachedwa," adatero a Bihi. Adanena ngati munthu wotchula tsiku la sabata.

Lamya ya Larbi idalira. Adamvetsera, n'kugwedeza mutu mwachisoni chochuluka kuposa chofunika.

"Akuti sangadikirenso, Dda Bihi. Koma akuti mukalankhula pa lamya pano, aiika pafupi ndi khutu lake."

"Zimaloledwa zimenezo?" A Bihi adatembenukira kwa shehe, yemwe tsopano anali maso ngati sadagonepo.

"Chofunika ndi mboni," adayankha Si Mbarek. "Tilipo atatu. Nenani katatu, momveka, mutchule dzina."

Larbi adakweza mawu a lamya n'kuitambasulira kumbuyo. Kumbali inayo kunkamveka mphepo ndi mbalame zam'nyanja. A Bihi adaganiza kuti manda a kuno ali pafupi kwambiri ndi madzi.

"Idder mwana wa Bihi, ndakukhululukira. Temberero langa ndalichotsa."

Mawu adatuluka ouma, ngati akuwerenga kalata ya munthu wina. Adabwereza. Pachitatu adanenanso, ndipo adawonjezera zomwe shehe sadawauze: "Wolakwa ndinali ine, mwanawe."

"Tamva," adatero Si Mbarek. "Zanenedwa, sizibwezedwa."

"Tamva," adatero Ijja ndi Larbi.

"Nanenso ndamva, bambo," idayankha lamya. "Munati mudzabwera pa maliro anga okha, ndiye ndikadatani? Tsikani, ndine wa jombo zachikasu kutsogolo kwa loleyi."

A Bihi adayang'ana anzawo atatu aja mmodzimmodzi. Aliyense anali atapeza chinthu chosangalatsa kwambiri pawindo lake.