Galafa ya Madzi Imene Inatentha Nkhokwe

Panali munthu wina kuno ku Angónia, cha ku Lifidzi, dzina lake Adérito. Amene akufalitsa nkhaniyi akuti inachitikadi. Anali mkamwini pamudzi pa akazi ake, a Marcelina, ndipo ankanyamula katundu wa anthu panjinga ku Kalomwe, pamalire pafupi ndi Dedza. Akaweruka ankakhala pa baraka ina, kanyumba kogulitsiramo zakumwa, n'kumaonera mafilimu, makamaka aja a munthu wosochera m'thengo amene amapulumuka ndi nzeru zake zokha: lamba asanduka msampha, waya asanduka mbedza.

Tsiku lina anaona mkulu wa mufilimu akuyatsa moto popanda machesi. Anangodzaza madzi m'galafa ya pulasitiki yoonekera mkati, imene ena amati botolo, n'kuiika padzuwa. Kuwala kunasonkhana pa kadontho kamodzi, udzu n'kuyaka.

"Bodza ili, aise," anatero mnzake Márcio. "Madzi ndi moto anayamba liti chibale?"

"Zimatheka."

"Ukayatsa, ine ndidzakusenzera katundu wako pamutu mpaka ku Dedza."

Inali nyengo ya dzuwa lowawa, mvula isanagwe. M'mawa mwake Adérito anadzaza galafa n'kukhala pansi pafupi ndi mitolo ya udzu wofolera, imene anaitsamiritsa pa nkhokwe ya apongozi ake. Márcio anabwera kudzaonerera. Dzuwa linali lidakali m'munsi. Adérito anatembenuza galafa uku ndi uku, koma ngakhale kautsi sikanaoneke.

"Alamu, tengani poto," Márcio anaitana a Marcelina. "Amuna anu atiphikira tiyi ndi madzi ozizira."

A Marcelina sanaseke. "Bambo a Neusa, zoseweretsa zanuzo kachitireni kumtsinje. Pamenepo pali chakudya chathu."

"Mukuopa chiyani? Simukuona kuti sizikuyaka?"

Ndi manyazi, anaponya galafa ija pamwamba pa mtolo, madzi ali momwemo, n'kukwera njinga. Ena onse anatsikira kudimba kukathirira mbatatesi. Pakhomo panatsala a Tarsisio okha, apongozi ake aamuna, nkhalamba ya maso achimbuuzi, akusuta chingambwe chawo pansi pa mtengo wa mapichesi.

Anthu anaiwala galafa, koma dzuwa silinaiwale. Linakwera pang'onopang'ono mpaka linaipeza.

Masana akudimba anaona utsi. Pamene ankafika ndi ndowa, udzu unali phulusa, nkhokwe itagwa, chimanga cha chaka chonse chikununkha ngati chokazinga. A Tarsisio anawapeza akudzidzimuka kutulo, kachidutswa ka fodya kali pakati pa zala.

"Ndakhala ndikukuuzani za fodya wanuyu," anatero akazi awo, amayi Joaquina, misozi ili mbwembwembwe.

"Sindikukumbuka kuti ndinafika kunkhokweko," anayankha a Tarsisio. "Koma ngati si ine, ndani?"

Palibe anaganiza za madzi. A Marcelina ndi Márcio nawonso anali ataona ndi maso awo kuti zinakanika. Adérito atafika, anaona m'phulusa kachibuluma ka pulasitiki yosungunuka, pamene panali mtolo paja. Anakaponda, anthu atayang'ana kumbali anakatola n'kukaika m'thumba.

A Tarsisio anausenza mlanduwo. Fodya yense anakamutaya kumtsinje. Anayenda wapansi mpaka ku Fonte Boa kukalapa kwa ansembe. Pa chakudya ankangotsina pang'ono, kwinako n'kukankhira mdzukulu wawo Neusa. "Idya iwe. Gawo langa ndinadya kale ndi moto." Kenako anayamba kupita kuganyu m'minda ya anthu kuti abweze chimanga chimene sanatenthe.

Adérito anayamba kugwira ntchito ngati wamisala. Ankabwera ndi matumba a chimanga, anamanga nkhokwe yatsopano. Mudzi wonse unkamutama kuti mkamwini ndi ameneyu. Mawu amenewo ankamuwotcha kuposa kutukwanidwa. Choposa zonse, a Tarsisio ankamuwombera m'manja: "Zikomo, bambo a Neusa. Mukudyetsa nkhalamba yotentha nkhokwe."

Kachibuluma kaja sanakataye. Akamapalasa njinga kankamubaya pantchafu.

Mvula itayamba, a Tarsisio anagwa pamzere m'munda wa eni, khasu lili m'manja. Adérito ndiye anakawatenga. Powakweza panjinga anamva kupepuka kwawo, ngati wanyamula mtolo wa mapesi.

Atawagoneka pamphasa, anagwada chapatali, natulutsa kachibuluma kaja. Anafotokoza zonse, a Marcelina ndi amayi Joaquina akumva ali pakhomo.

A Tarsisio anakatenga, anakatembenuza m'manja nthawi yaitali.

"Ndiye kuti zinayaka?"

"Zinayaka, bambo."

"Madzi?"

"Madzi."

"Pitani mukamuuze Márcio kuti munapambana. Akusenzereni katundu uja." Anapumira kaye. "Tchimo lanu ndinakalapa kale ine, chilango chake ndinagwiranso. Sindikudziwa kuti inu mwatsala ndi chiyani choti mukanene kwa ansembe."

Anamubwezera kachibuluma kaja n'kutembenukira kukhoma.

A Tarsisio anachira, koma mphamvu zogwira khasu sizinabwererenso. Akuti masiku ano amakhalabe pansi pa mtengo wa mapichesi uja, manja ali chabe. Adérito anawagulirapo fodya, iwo anati alibenso naye chilakolako. Naye akamadutsa pa baraka paja amangoweramitsa mutu n'kupalasa.

Phunziro: Zamufilimu zina n'zabodza, zina zimathekadi, ndipo palibe amene adzakuuzeni kuti iyi ndi iti, choncho musaziyesere pafupi ndi chakudya cha anthu kapena moyo wawo. Wina akati chotsani, chotsani. Ndipo mukalakwa nenani tsiku lomwelo, chifukwa moto unatha masana amodzi, koma kukhala chete kunadya nkhalamba mpaka mvula. Tumizirani ena nkhaniyi, makamaka okonda mafilimu, komanso aliyense amene akuyenda ndi kachibuluma kake m'thumba.