Kompyuta Yosalowa M'chikwama

"Ayi, kameneko ayi," anatero mayi Genoveva, akukankhira kumbali kalaputopu kamene anawaikira pathebulo. "Ine ndikufuna ija yaikulu, yokhala pansi ngati mtondo."

Baxter, mwini kashopu kolumikiza makompyuta pa Cassacatiza, anaseka. Ivo, mwana wa mayiwo, sanaseke. Anangoima pafupi ndi chitseko, manja m'thumba.

Za makompyuta mayi Genoveva sankazidziwa n'komwe, koma za ana, aaa, ankazidziwa bwino. Agostinho ananyamula chikwama kupita ku Joni, mpaka lero kuli zii. Berta ananyamula chake kupita ku Beira, ndipo foni amaimba akakumbuka. Chimwalirireni a Cipriano, bambo wa anawo, pakhomo paja kuseri kwa Nsadzo panatsala Ivo yekha, mzime. Ndiye naye anali atayamba nyimbo yomweyo: mavidiyo a maukwati ndi maubatizo amene amajambula kuparishi amafuna makina amphamvu owakonzera, ndipo makinawo ali ku Tete.

Mayiwo mantha anawagwira, tisabise. Ankaopa kukalamba okha m'nyumba ya zipinda zitatu. Anaganiza kuti ngati chomukoka mwanayo ndi makina, basi makinawo abwere kunyumba. Anagulitsa ng'ombe zolimira, osafunsa munthu. Koma makinawo asakhale olowa m'chikwama, chifukwa chinthu cholowa m'chikwama sichichedwa kukwera shapa, minibasi yopita kutauni.

Baxter anatulutsa foni n'kuyamba kuwaonetsa zithunzi za zipangizo zimene amaitanitsa ku Lusaka.

"Kompyuta yotere sitigula yathunthu, amayi. Timasankha chiwalo chimodzichimodzi. Aka ndi purosesa, ubongo wake. Alipo ang'ono, apakati ndi aakulu."

"Wamkulu."

"Amayi, wapakatiyo akwana," anatero Ivo chapansipansi.

"Akwana? Kuti mawa udzandiuze kuti ya ku Tete imathamanga kuposa yako? Iwe khala chete."

Pa memori anasankha yochuluka mpaka Baxter anakanda m'mutu. Pofika pa khadi la zithunzi, limene limanyamula ntchito yonse ya mavidiyo, analoza lonenepa kwambiri, la mafani atatu oliziziritsa. Munthu wosadziwa kulemba uthenga pafoni, koma kusankha kwake ngati bwana wa kumgodi! Funso lawo linali limodzi basi: "Kodi ku Tete kuli loposa ili?" Baxter akati lilipo, ankati abweretse lomwelo.

"Amayi, pali nkhani ina yoti timvane kaye," Ivo anayesanso.

"Za ng'ombe usade nazo nkhawa, mwanawe. Khasu ndinabadwa nalo."

Ivo anabwerera pachitseko paja, nkhope ili yakugwa. Mayiwo anamuyang'ana, mtima unawawa. Mwana wachisoni ngati bambo ake, kumvera chifundo ng'ombe m'malo mosangalala.

Zipangizo zinatenga masabata kuti zifike pa lole. Mayi Genoveva sanakhale manja lende. Anatsegula chipinda cha malemu amuna awo, chimene anali asanachikhudze chiikireni maliro. Anatulutsa majasi ndi nsapato akulira, anazira pansi, n'kuuza kalipentala akhome thebulo lolimba. Anzawo a m'gulu la amayi kutchalitchi onse anamva kuti Ivo atsegula ntchito pakhomo pomwepo, ndipo akadzakwatira, adzukulu adzakulira pabwalo lomwelo.

Tsiku lokatenga kompyutayo, mayiwo anavala chitenje chatsopano. Anaipeza itaima pathebulo la Baxter, chibokosi chakuda chagalasi mbali imodzi, mawaya atamangidwa bwinobwino m'kati. Anaigwira ndi manja awiri kuti ainyamule. Sinasunthe. Anayesanso, anangoitukula pang'ono n'kuibweza, akupuma wefuwefu. Ndiye anaseka, kuseka kwenikweni kumene anali atakuiwala.

"Eyaa! Imeneyi ndiye yanga. Imeneyi siyenda."

Baxter anatuluka kukaliza jenereta kuseri kwa shopu, n'kubwera kudzadina batani. Mafani anazungulira, timagetsi tofiira ndi tobiriwira tinayaka m'kati mwa galasi, ndipo kunja jenereta inabuula ngati yasenzetsedwa katundu. Baxter anaika vidiyo ya ubatizo imene Ivo anajambula. Nkhope za ana zinaoneka mbee, mpaka madontho a madzi pamphumi. Mayi Genoveva anawomba m'manja, misozi ili mbwee. Anatembenuka kuti aone chimwemwe cha mwana wawo, koma Ivo ankayang'ana pansi.

"Tsono bambo Baxter," anatero akupukuta m'maso, "mundionetse pamene tizilowetsa waya wa sola yathu ija, timatchajira foni. Ndisakavutike nazo kumudzi."

Baxter anasiya kumwetulira. Anayang'ana Ivo, kenako mayiwo.

"Sola, amayi? Chilombo mwasankhachi sola ya pakhomo singachidzutse n'komwe. Ngakhale jenereta yangayi ikulira nacho. Chimafuna magetsi enieni, osazimazima."

"Nanga kwathu kulibe magetsi," anatero mayi Genoveva pang'onopang'ono. "Ndiye iziyaka kuti?"



"Ku Tete, amayi," anayankha Ivo.