Denga la Minibasi Yathu

"Likagwa dengali, mugona panja mwezi wathunthu," anatero akazi anga, manja ali m'chiuno.

Ndinali nditadula denga la minibasi yathu yakale ndi sowo yanga ya zitsulo, n'kuchotsa mipando, n'kuikamo bedi loti tizigonapo tikapita koyenda. Dengalo ndinalilumikizanso ndi mahinjesi kuti lizitha kukwera m'mwamba, n'kumangirira chinsalu cha tenti m'mbali mwake. Tsopano inali nthawi yoyesa mahinjesiwo. Ndinakankha ndi phewa. Denga linalira kuti kwee, n'kukwera, chinsalu cha tenti n'kukungika mbali zonse. Silinagwe.

"Lowani muone, mayi."

Analowa monga ankalowera zaka makumi awiri zomwe anali kondakitala wanga: msana wopinda, khosi m'mapewa, dzanja pachitseko. Anayenda chowerama mpaka pabedi.

"Mayi, weramukani."

"Mukufuna ndigunde mutu?"

"Mugunda chiyani?"

Anakweza dzanja, osakhudza kanthu. Anawongoka pang'onopang'ono, msana ukulira kuposa mahinjesi aja, n'kuima njo pakati pa minibasi. Anaseka mpaka misozi.

Kenako anandiyang'ana, n'kundimenya kambama paphewa.

"Bambo inu! Ndiye kuti sowo imeneyi munali nayo zaka zonsezi?"