Ndikupemphererani

Mayi telala atangoona aphunzitsi akuika nsalu yakuda pambali pa makina awo osokera, mtima unagunda kuti thi! Anakumbukira.

Lachiwiri lapitalo aphunzitsi omwewa, kasitomala wawo wakalekale, anaima pakhomo lomweli n'kunena kuti amuna awo awagoneka kuchipatala. “Ndikupemphererani, achemwali,” anatero atelala, mapini ali kukamwa, phazi osalichotsa pa chopondera. Mawuwo anangotuluka ngati moni. Kenako kunabwera mayunifolomu a sukulu, zipi yoduka, kasitomala wolongolola. Sabata yonse inatha osagwada n'kamodzi komwe.

“Atisiya dzulo m'mawa,” anatero aphunzitsi, mawu atasasa. “Mundisokere diresi ya pamaliro. Komanso ndabwera kudzathokoza. Mphamvu zikandithera mu wodi muja, ndinkadziuza kuti, limba mtima iwe, atelala aja akukupempherera. N'zimene zinandigwira.”

Atelala anatsegula pakamwa. Choonadi chinafika pakhosi n'kubwerera.

Anavula tepi m'khosi. Anayeza mapewa, anayeza chiuno. Kuti aone pamene diresi ithere, panalibe kuchitira mwina koma kugwada. Mawondo atakhudza simenti yozizira, sanathenso kudzuka. Anangogwira tepi pa mwendo wa mayi wamasiyeyo, maso ali chitsinzinire, milomo ikugwedera.

Aphunzitsi anadikira, kenako anawagwira paphewa.

“Bwanji amayi, mwaiwala nambala?”

“Ayi, achemwali,” anayankha atelala osakweza mutu. “Chimene ndinaiwala si nambala.”