Tsiku la "Give Up" ku Zemba

Olipa analemba mawu awiri pabolodi: "give up."

"Tanthauzo lake n'kusiya chinthu chimene unachikakamira," anauza ophunzira ake, akuluakulu amene ankakumana m'tchalitchi cha ku Zemba akaweruka kumunda. "Munthu atha kusiya fodya, mowa, ngakhale chiyembekezo."

"Mukawauze amuna anga zimenezo, aphunzitsi," anatero mayi Imelda. "Kachasu give up!"

Onse anaseka kupatula Olipa. Mawuwo anasankhira munthu mmodzi, Evance, amene anakhala kumbuyo, chipewa chili pabondo.

Evance anayamba kubwera mvula itangogwa. Ankapalasa njinga kuchokera ku Mlolo, chonsecho Chingerezi ankachidziwa kale. Nanga mwamuna wotero angavutikirenji? Maphunziro akatha ankamukweza Olipa pakaliyala mpaka kunyumba, akumufunsa za kwawo, za anzake, za zimene mtima wake umalakalaka. Olipa ankamugwira malaya ngakhale pamene njira inali yosalala. Tsiku lina Evance atafunsa ngati alipo amene anamufunsira, iye anangoseka n'kuyang'ana kumbali.

Koma analipo. Lemmy, amene anadziwana naye kukoleji ku Chipata, anali atalonjeza kuti anthu akakolola, abale ake adzafika kwa makolo a Olipa. Poyamba chinsinsicho chinkamutsekemera. Tsopano chinkamuwotcha pachifuwa akangomva belu la njinga ija.

"A Evance, tipatseni chiganizo chanu," anatero Olipa m'kalasimo.

Evance anaimirira, n'kumuyang'ana m'maso. "Today I give up this class."

Olipa anamva kuti Evance akusiya maphunzirowo. Uthenga unali utafika, ndipo munthu wosalakwa anali atapwetekeka.

Anthu atabalalika, Olipa anamupeza panja akupopa tayala.

"A Evance, ndikhululukireni," anatero motsitsa mawu. "Ndinakusiyani mukuyembekezera pachabe. Mukadabwera kale, mwina bwenzi zili zina. Koma ndili naye wina."

Evance anamaliza kupopa, n'kupukuta manja pathalauza mosafulumira.

"Ndikumudziwa," anatero. "Lemmy ndi mwana wa mlongo wanga. Akwathu anandituma kudzaona khalidwe la mkazi amene akufuna kumanga naye banja, ndipo mawa akudikira yankho langa."