Maluwa Othyoka Pakhosi

"Iwe Esnart, wachita chiyani?"

Mayi Magdalene, kapitawo wa operekera zakudya pakampu ya alendo ku Nkwali, anagwira kumutu. Maluwa onse amene anabwera pandege m'mawa anali patebulo, lililonse lothyoka pakhosi.

Esnart anali patsiku lachitatu la sabata yoyesedwa ntchito. Malangizo a kaikidwe ka maluwa anali atawamva bwino: aatali pakati, aafupi m'mbali, masamba asakhudze madzi. Koma manja ake anachita zawo. Maluwa ogula iye anawagwirapo kumanda kokha, kumene munthu amathyola duwa asanaliike pamanda, kuopa akuba okagulitsanso.

"Pepani amayi, ndinangozolowera."

"Kuzolowera? Pali maliro pano? Alendo afika twelofu koloko, mwana iwe. Ukufuna kubwerera kwanu ku Mnkhanya kukapalira thonje?"

Esnart anayesa kuwaimika m'botolo la maluwa, koma onse anagwetsa mitu. Anawachotsa, anawabwezera, anasuzumira kumsewu. Fumbi la galimoto ya alendo yochokera kupaki ya nyama linali litaonekera. Atasowa pogwira, anatenga mbale yadothi, anathiramo madzi, nayandamitsa mituyo mozungulira, duwa lalikulu pakati.

Mwini kampu analowa alendo asanatsike m'galimoto. Anazungulira tebulo kawiri. Esnart anayamba kumasula epuloni, poganiza kuti ntchito yamuthera.

"Magdalene," anatero mwiniyo, "paukwati wa alendo Loweruka lino, matebulo onse akhale chonchi. Mtsikanayu ndiye athyole."

Mayi Magdalene anayang'ana Esnart.

"Onse, bwana? Ndi la mkwatibwi lomwe?"

"Makamaka limenelo."